Nambala Seveni

Anabwera pa lole mwezi wa Epulo,
msewu wa ku Tsangano udakali matope.
Mabatire khumi ndi awiri, akuda bii,
lililonse kulemera ngati thumba la kachewere.
Tinatsitsa ine ndi mlamu wanga Lufeyo.
Msana wanga sunaiwale.

Wodzawalumikiza anali mtsikana, Zione Ndau,
ovololo yopinda m'miyendo, sipanala m'thumba lakumbuyo.
Anayamba wavula mphete.
Akuti ikakhudza mitu iwiri, chala chapita.
Anawayala pa matabwa, nawasiyira mpata wopumira,
mutu wa uyu ku mchira wa uyo,
kenako choko: wani, thuu, mpaka thwelofu.
Atatha anandipatsa kope ndi kamita ka zingwe ziwiri.
Ndinati mayi, ine ndine mlonda,
zanga ndi chibonga ndi tochi.
Anati awanso ndi alonda, muzimvana.

Ndiye Loweruka lililonse ndimatsekula zenera kaye.
Chingambwe changa chimatsala panja, pa mwala.
Madzi awo si a pa mjigo,
ndi a m'botolo lochokera kuboma,
ndimathira ngati mankhwala a m'maso.
Chuku choyera chija chomera pa mitu
ndimachikwecha ndi mswachi wakale ndi soda,
ndikupaka vaselini amene mkazi wanga amamufunafuna.
Buluku langa la khaki lili ndi zibowo zisanu:
asidi sapepesa.

Onse amawerenga mofanana kupatula Seveni.
Iye nthawi zonse m'mbuyo pang'ono,
kudya mochedwa, kutopa msanga.
Pa foni Zione anati mumuyang'anire,
mmodzi akafooka amakoka anzake onse.

Mwezi wa Meyi Lufeyo anabwera madzulo
ndi njinga ndi chingwe cha mphira.
Chinkhoswe cha mwana wake, zoimbira zilibe moto.
Usiku umodzi wokha, alamu,
khumi ndi awiri, adzawerenga ndani?
Ndinamuonetsa kope.
Kunyumba anandiyankhula ndi msana masabata awiri,
pa chinkhoswe ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi njinga.

Kenako Juni.
Magetsi anathima Lachitatu,
nkhungu inakhala pa denga ngati yalipira lendi,
sola osaona dzuwa masiku atatu.
Lachisanu usiku njinga yamoto inaima pa geti
ndi mayi wochokera kutsidya kwa malire,
chitenje chanyowa, mano akugundana.
Anamwino a Nangozo anangosuzumira pakhomo:
A Kachingwe, atifikitsa?
Sindinayankhe.
Ndinazimitsa nyali za pa khonde,
ndinazula mafoni asanu ndi limodzi a anthu odziwika,
ndinasiya filiji ya katemera
ndi babu limodzi la m'chipinda chochirira.

Ndinakhala pa ndowa yovundikira, kamita pa bondo.
Manambala ankatsika ngati madzi m'chitsime cha Okutobala.
Cha m'ma thuu ndinagwira Seveni m'nthiti, anali wofunda.
Ndinamuuza za Lufeyo.
Ndinamuuza kuti nanenso malipiro anga
ndi a kudikira chinthu chimene sindifuna chibwere.
Kuseri kwa khoma a Nangozo ankati kankha, kankhanso.

Mwana analira isanakwane folo.
Inveta inalira faifi itadutsa,
katatu, kenako zii.
Koma kunja kunali kutayamba kutuwa,
ndipo a Nangozo anali atasoka kale.

Ndinalemba m'kope: onse atsika, Seveni watupa mbali imodzi.
Zione akuti latsopano lidzabwera
galimoto ya kuboma ikapeza mafuta.
Papita miyezi inayi.
Tinamuchotsa pa mzere pamodzi ndi anzake awiri
kuti mawerengero agwirizane.
Ali pakona, pa thabwa lakelake.
Lufeyo anafunsa ngati tsopano angamutenge.
Ndinati ndifunsa kuboma.
Sindinafunse.
Loweruka ndimamupukutabe fumbi,
nambala yake ndinaibwereza ndi choko chatsopano.