Pa Benchi Lachitatu

Ndinalipira pakhomo, mtsikana anandidinda chidindo padzanja,
inki yofiirira, ngati nyama ya kubutchala.
Holo ya pa Salima, Loweruka masana:
malata akuthetheka ndi dzuwa,
mawindo atatsekedwa ndi makatoni kuti mukhale mdima,
fani imodzi ikuzungulira ngati yakakamizidwa,
katani yake zitenje zinayi zolumikiza.

Sewero loyamba linali la makuponi a feteleza.
Mnyamata wa ku Khombedza anavala pilo pamimba,
ndevu zake za thonje zinagwa pakati pa mkangano,
anazitola, nazimata chozondoka, napitiriza.
Tinaseka mpaka nthiti kuwawa.
Lachiwiri, la mayi wamasiye wolandidwa katundu,
linatalika ngati minibasi yodikira kudzaza pa Kaphatenga,
ndipo wakufayo anayetsemula ali m'bokosi.
Ndinamukhululukira. Fumbi la pamenepo ndikulidziwa.

Kenaka wolengeza anati lotsatira ndi la matenda a maganizo.
Anyamata a kabaza kumbuyoko anayambiratu mluzu,
kudikira wa nsanza, wa zitini m'miyendo,
wamisala wa m'masewero amene tinamuzolowera,
wotola mapepala, wokangana ndi mpanda.

Koma analowa munthu wa malaya ositidwa bwino.
Mphunzitsi. Cholembera m'thumba.
Anakhala pampando, namanga chingwe cha nsapato,
namasula, namanganso.
Mkazi wake anamuikira tiyi. Tiyi anazizira.
Ana a sukulu anagogoda. Sanadzuke.
Anangoti, "Mawa."
Anatero kasanu ndi kawiri; ndinkawerenga.

Wina anaseka, kuseka kwake kunasowa mnzake,
kunabwerera kukhosi.

Ine pa benchi lachitatu ndinkaona Twaibu,
mchimwene wanga, telala wa pakhonde la golosale,
amene makina ake anaima mwezi wa Epulo
singano ili m'kati mwa diresi la kasitomala.
Tinati ndi ulesi. Tinati ndi chamba.
Amalume anati amulodza anzake a pakhonde,
tinagulitsa matumba awiri a mpunga wa ku Lifuwu kukaombeza.
Palibe amene anamufunsa kuti, kodi usiku umagona?
Ine ndinamukalipira chifukwa cha sopo,
kuti munthu wamkulu osasamba bwanji.

Magetsi anathima sewero lili m'kati.
Panalibe mluzu tsopano.
Anthu anayatsa matochi a m'mafoni, mmodzimmodzi,
ndipo m'kuwala kwathuko mphunzitsi uja anauza mkazi wake:
"Si mutu ayi, si malungo.
Ndangolemera. Ngati ndameza mwala wa mphero."
Mkaziyo sanapeze mawu anzeru.
Anangokhala pansi pambali pake,
namuvula nsapato.

Mapeto sanandikomere, ndinene zoona.
Anatulukira namwino wa yunifolomu yobwereka,
nalankhula ngati chikwangwani cha pachipatala,
ndipo m'mphindi zitatu mphunzitsi anachira, navina.
Sizichira choncho.
Twaibu wathu wamwa mankhwala miyezi isanu ndi inayi,
masiku ena amasoka,
masiku ena amangoyang'ana ulusi.

Panja, wosewera uja ndinamupeza akugula chinangwa chokazinga,
ufa wa imvi udakali m'tsitsi.
Mwana chabe, wa Folomu 4 mwina.
Ndinafuna kumufunsa kuti "Mawa" uja anamumva kwa ndani,
m'nyumba iti, pakhomo la chipinda chiti.
Sindinafunse. Ndinamulipirira chinangwacho.

Kabaza ananditsitsa pamjigo, kwinako ndinayenda pansi.
Twaibu anali pakhonde, nsapato imodzi kuphazi,
inayo ili m'manja.
Chidindo chija chinali chisanafufutike padzanja langa.
Anachiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Unali kuti?"
Ndinakhala pansi pambali pake,
ndinayamba ndi za ndevu za thonje zija.