Kuwala Kodzilambulira Njira

Magetsi athima pa Ndirande chiyambire m'mawa.
Makina owotcherera a bambo anga angoti duu,
geti la eni ake latsamira khoma, theka lopsa, theka laliwisi,
ndiye apeza mpata wondifunsa:
Iwe Tiyanjane, ku Chichiri kuja
zaka zonsezi ukuwerenga chiyani?

Ndayambira pa tochi.
Muunikire phiri usiku, ndatero.
Kuwala kumachoka m'manja kuli mtolo umodzi,
koma kusanafike n'komwe pa golosale ya a Malikebu
kwamwazika kale ngati ana oweruka kusukulu.
Ngakhale leza, yowongoka ngati waya wokoka,
ikayenda imatambasuka.

Nanga pulazimayo?
Ameneyo mumamudziwa kuposa ine, bambo.
Ndi kamoto kobiriwira kaja
kamaima pakati pa ndodo ndi chitsulo,
mpweya wotentha mpaka maelekitironi kuthothoka,
kaja kamakuthirani mchenga m'maso
amayi n'kumakuikani mbatatesi pazikope usiku.

Leza yamphamvu ikalowa mmenemo
imakankhira maelekitironi kumbali.
Pakati papepuka, m'mphepete mwathithikana,
pulazima wasanduka mandala,
ndipo kuwala kumene kumati kuthawe
kumakhotera mkati, kwa kunzake.
Kwadzikumbira ngalande, ngalandeyo yakugwira.

Akhala chete, akupalasa dothi ndi kachitsulo.
Kenako: Ohoo.
Ngati ndikamadutsa mumsika nditasenza felemu ya chitseko.
Anthu amapatuka okha,
koma mapewa awo omwewo ndiwo sandilola kukhota.
Ukakhala chimanjamanja ndani angakupatukire?
Umangotengeka, uku tomato, uku kaunjika.

Ndi zomwezo, ndatero. Kuwala kofooka sikupatukiridwa.
Pali muyeso wake, ndili nawo m'kope,
masamba anayi a masamu
amene inu mwawamaliza ndi felemu imodzi.

Koma ikapyola muyeso, bambo,
imadzifinya mpaka kung'ambika,
kukhala timinga timinga,
kalikonse kolasa kwake.

Apa sanayankhe.
Ayang'ana kumsewu, maso atatsinzina theka,
momwe amayang'anira masiku ano chilichonse chakutali.
Ndawerenga mumtima mageti, mawindo, mbaula, mawilibala,
fizi ya temu iliyonse yodutsa pa kadontho kamodzi ka moto
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
ndipo galasi lakuda lomwe amaphimbira nkhope
ndi losweka pakona, lomangidwa ndi mphira.
Ndafuna kunena za dokotala wa maso.
Lilime lalemera.

Ayakaaa!
Ana akuwa kuchokera kumtunda, mawailesi adzuka onse pamodzi.
Bambo anyamuka, akung'unta thalauza,
atsina ndodo yatsopano m'kamwa mwa chogwirira.
Tembenuka, atero, monga ankanenera ndili wamng'ono.

Ndatembenuka.
Pakhoma la njerwa zosapaka
mthunzi wanga ukuthwanima, wautali kuposa ine,
ndipo kumbuyo kwanga chitsulo chikulira ngati mafuta m'chiwaya.