Timu ya Pathumba

Loweruka pa Lizulu, chifunga chisanachoke pamsewu,
ndayala thumba lakale la feteleza pafupi ndi sikelo
ndipo ndikusankha timu ya dziko.
Kochi ali ndi kope lake kumzinda;
ine ndili ndi katundu amene sanagulidwe dzulo.

Pagolo ndaika kabichi.
Goloboyi azikhala wa masamba ambiri:
chigoli cha mphindi yachitatu chikamusenda limodzi,
pansi pake pakhale lina, lolimba kuposa loyambalo.

Patsogolo pake kachewere anayi,
dothi la ku Tsangano likadali m'maso.
Awiri apakatiwa asakondane nawo mpira,
azingolankhulana ngati alonda a sitolo imodzi:
wina akatuluka kukafunsa mlendo,
mnzake atsale pakhomo.
Am'mbaliwa ndawalola kukwera,
koma amene anakwerapo Chirobwe amadziwa
kuti mawondo amalirira pobwerera.

Zuze wawoloka msewu,
ndiye kuti wachoka m'dziko lake ndi mapazi khumi okha,
wanyamula adyo ndi mwano.
Akuti, "Anayi onsewo kumbuyo, mwamva kuti kukubwera nkhondo?
Ikani atatu, enawo azithamanga m'mbali."
Ndamuyankha kuti atatu n'ngokoma mpira ukakhala wako.
Akakulanda, m'mbalimo mumadutsa lole ya matabwa
osakhudza munthu.

M'mapiko ndaika kambuzi awiri,
ang'onoang'ono, osamva kukuwa kwa kochi.
Wakumanzere azilowa mkati ndi mwendo wamanja,
wakumanja akakamire mzere mpaka laimu amudetse nsapato,
kuti adani atambasuke ngati malaya omangidwa batani limodzi.
Nambala eyiti ndi karoti, mwendo wautali,
wopezeka pamaliro kwathu ndi paukwati kwa eni
tsiku lomwelo.
Teni ndi pichesi la ku Bembeke:
lokoma, inde, koma kungoligunda pang'ono
lagona pansi likuyang'ana oyimbira.

Kutsogolo kwenikweni, tomato.
Wofiira, wowala, aliyense amayamba waona iye.
Sabata ziwiri osagoletsa, ayamba kununkha m'nyuzipepala.

Basi ya ku Lilongwe yaima.
Mayi wina watulutsa mkono pawindo,
waloza nambala naini wanga: "Ameneyo muikeponso pambasela."
Ndamuika. Kasitomala sabwezedwa chifukwa cha mpira.
Zuze wagwira m'mimba ndi phwete:
"Timu yopanda womwetsa! Mukagoletsa ndi pemphero?"
Ndangokankha pichesi pang'ono, osafikitsa pamalopo.
Pasiyeni pululu, ndatero.
Otchinga anu aatali aja adzagwira yani?
Mmodzi adzatopa kulondera mphepo, adzatuluka,
ndipo kambuzi adzalowera pomwe wachokapo.
Zuze wayang'ana dzenjelo nthawi yaitali,
kenaka wafunsa mtengo wa karoti.

Watsala mmodzi amene sindinamutchule,
ndipo inunso simunafunse.
Anyezi, pakati pa otchinga ndi osewera pakati.
Sikisi.
Sathamanga kwambiri, amangoyambirira kufika.
Amalanda, napereka kwa wapafupi, nabwerera pamalo pake.
Wapawailesi amamutchula dzina
pokhapokha akalandira kadi yachikasu.
Ndiwo zikakoma amayamika tomato;
anyezi amakumbukika tsiku limene wasowa.

Ndinasewerapo pamenepa zaka zisanu ndi ziwiri,
pabwalo la fumbi kuseri kwa sukulu,
jezi yobwereka, bondo lomanga ndi mphira.
Chigoli changa chinali chimodzi, cham'golo mwathu.
Chimenecho achimwene a Nangozo amachikumbukabe;
zimene ndinazimitsa zisanabadwe
palibe anaziwerenga, chifukwa sizinachitike.

Dzuwa lapendeka. Kokanema ayamba kale kuliza jenereta.
Kabichi wapita ndi minibasi ya ku Balaka,
otchinga anga alowa m'chigoba cha munthu wokazinga tchipisi,
pichesi ndadya ndekha.
Ndakutumula thumba, ndalipinda kanayi.
Anyezi uja palibe anamufunsa mtengo.
Ndamuika m'thumba la jekete,
tikaonere limodzi.