Mpanda Wokhota

Ine si wa mabuku,
ndine wa chingwe ndi levulo.
Zaka makumi awiri ndikumanga kuno ku Chitakale,
palibe anandinenapo kuti khoma langa lapotoka.

Koma pa poloti ya a Nampinga, kuseri kwa minda ya tiyi,
piki ya Fakili inalira mwachilendo.
Sunali mwala. Kulira kwa mwala ndimakudziwa.
Tinafukula ndi zala:
mpope wa mfuti yagogodera, dzimbiri lokhalokha,
tizipolopolo tinayi,
ndi mzere wa miyala yosanjidwa mwaphuma
ndi anthu amene analibe nthawi yoyeza.

Ndinaona kasanjidwe kake.
Waukulu pansi, wathyathyathya pamwamba,
kabowo pakati kokwana diso limodzi,
kuloza kumene njira imatsikira kumtsinje.
Lero kabowoko kapenya dishi ya kanema ya aneba
ndi matewera pa waya.

Ndinaimbira eni ake ku Joni.
"Gumulani, miyalayo ilowe m'fawundeshoni.
Simenti yakwera, bambo."
Sananame. Simenti yakweradi.

Usiku umenewo chiperoni chinatsika m'phiri.
Ndinagona m'shedi, pa matumba,
maganizo ali pa munthu wogona chafufumimba pamenepa,
zigongono m'matope, wonga utanyowa.
Kaya ankateteza kwawo,
kaya kwawo kunali kutsidya kwa nyanja zamchere,
kaya ndiye ankagwira anzake n'kukawagulitsa.
Miyala sinena anali mbali iti.
Imangoti: pano munthu anachita mantha.

M'mawa ndinazula chikhomo, n'kuchisuntha.
Mapazi asanu basi.
Mpanda ukafika pamenepo umapatuka
monga achitira wa njinga akakumana ndi maliro,
kenako n'kubwerera m'chingwe.

Anandidula malipiro a sabata.
A ku khonsolo anabwera, anajambula ndi foni,
akuti chikwangwani chili m'njira.
Lino ndi dzinja lachiwiri.

Ana a sukulu amakhalapo akamadya mapeyala,
mayi wina amayanikapo makaka,
buluzi wapeza nyumba m'kabowo kaja.
Ndikamadutsa pamsika amisiri anzanga amakodolana:
"Si uja wa mpanda wokhota?"
Ndimavomera moni.

Mpope uja ndinaubwezera pansi pomwe unali.
Tizipolopolo tili m'chitini cha misomali.
Tatsala titatu.
Fakili anatengapo kamodzi,
ndipo sindinamufunse.