Malo Atha

Mwana wanga Lonjezo anamupatsa mawu awiri okha
pa sewero la usiku wa Khirisimasi:
"Malo atha."
Sabata yonse ankawayeserera kuseri kwa bafa,
chitenje changa kumutu, chala m'mwamba,
nkhuku zikumuyang'ana cham'mbali.

Tsikulo mvula inatsika ndi ukali
kuchokera kumapiri a Namwera.
Magetsi anathima M'baluku yense.
Ndinali kusita yunifomu ya kwaya ndi simbi ya makala
pomwe wina anaodira pakhomo,
odi wotopa, wongotuluka theka.

Mayi, mwana kumbuyo, jumbo kumutu m'malo mwa ambulera.
Akuti wabwera pa lole kuchokera ku Makanjira,
amuna ake awagoneka kuchipatala cha boma,
kogona odikirira odwala kulibe poponda phazi.
Chichewa chake chinkatsimphina, chikutsamira Chiyao.

Ndinayang'ana chipinda chomwe ndinakolopa kawiri
podikira achimwene a ku Blantyre,
nsalu zapabedi zatsopano, sopo wosamatula.
Ndinayang'ananso matope a kumapazi kwake.
"Pepani mayi, tili ndi alendo."
Sindinaname kwenikweni.
Ndinangowafikitsa alendowo msanga.

Kutchalitchi makandulo, thukuta, ngumbi zikugwera m'mabuku.
Yosefe wa sitandade faifi anagogoda pa benchi,
Mariya atamanga pilo pamimba.
Lonjezo anatuluka, nakweza chala.
"Malo atha."
Anthu anafa nalo phwete, manja wa wa wa.
Amayi a pambali panga anandigunda ndi chigongono:
"Koma mwanayu watengera inu, mawu ake enieniwo!"
Nyimbo yotsatira sindinaiyambe,
ngakhale woyambitsa ndinali ine.

Pobwerera, foni inalira m'chikwama:
achimwene abwera pa Nyuwere, galimoto yafera ku Liwonde.

Tinadutsa pa Abiti Twaibu,
wokazinga zitumbuwa pafupi ndi mlatho,
amene Khirisimasi kwa iwo ndi tsiku la malonda basi.
Chipinda chimodzi, denga lodontha patatu,
beseni apa, poto apo, ndowa pakona.
Koloboyi anali kuyaka.
Pachingwe panali chitenje chachilendo chikukha madzi,
ndipo mkati khanda linkayamwa mokweza
ngati lalipira lendi ya chaka chonse.

Kwathu bedi linali chiyalire,
losalala, lozizira, lonunkhira sopo.
Ndinakhala m'mphepete mwake nsapato zili kumapazi.
Lonjezo anafunsa ngati wasewera bwino.
Ndinati eya, mwanangu, wachita kuposa.

Kenaka ndinapinda bulangete, ndi shuga theka la paketi,
ndi mpunga womwe ndinasungira anthu odziwika,
ndinawoloka matope aja mumdima.
Pakhomo lawo mawu anandithawa.
Odi wanga anatuluka theka.

Abiti Twaibu sanafunse kanthu.
Anangokankha ndowa ndi phazi,
nafutukula mphasa pang'ono.
"Lowani, anzathu, mukunyowa.
Tipanikizana."