Nyali Ziwiri Zofiira

Kuno ku Chinamwali kulibe njanji.
Ndinkadziwa zimenezo pogula kapuloti aka.
Ndinati makutu apumeko,
zaka makumi atatu ndili gadi
pakati pa Limbe ndi Nayuchi zakwana.
Koma makutu sadziwa za penshoni:
lole ikamatsika kuphiri ndi matabwa a paini,
kansanza kofiira kali petupetu kumchira,
dzanja limathamangira lokha pachifuwa
kukafuna wenzulo amene ndinabweza kalekale.

Dzana, magetsi atathima,
Sigele ananditumizira kanema pafoni.
Akuti, "Ababa, taonani sitima za kuno ku Holandi,
zachikasu ngati papaya wakupsa,
sizitsokomola ndi utsi womwe."
Iye ankaona utoto. Ine ndinaona nyali:
zitatu zoyera pamphumi,
imodzi pamwamba, ziwiri m'munsi,
ngati denga la nyumba likuthamanga mumdima.
Chinenero chimenecho sichifuna womasulira.
Chikuti: ndikubwera, patuka.

Kanemayo anathera pomwepo,
mabogi asanadutse onse.
Ndinamulembera ndi chala chimodzi, magalasi ali pamphuno:
mwana iwe, sitima saiweruzira kumaso.
Ukajambule kumbuyo.

Anatiphunzitsa choncho a Mulipa pa Nkaya,
bambo wa chala chodukira pachokolekera ngolo.
Ankati, mutu aliyense amauona,
ngakhale mbuzi imauthawa.
Iwe dikira mchira.
Ukaona chofiira chikuyaka kumapeto
ndiye kuti sitima yadutsa yathunthu.
Ukapanda kuchiona, usalole ina ilowe:
kwinakwake mutchire
bogi yaduka, yaima yokha panjanji,
ilibe mawu, ilibe nyali,
ikungomva nkhululu.

Mbendera ndinali nazo ziwiri.
Yobiriwira amayi ake anaisandutsa chikwama
chonyamuliramo makope a sitandade wani.
Ndinakalipa tsiku lonse.
Iwo anangoseka, ulusi uli kukamwa,
amvekere, "Nanga si imati pita?"
Mwanayo anapitadi:
Mulunguzi, Chanko, kenako ndege.
Yofiira ndikadali nayo m'sutukesi,
pansi pa jekete la maliro.
Tsiku lomuperekeza kudepoti
ndinaimva ikutentha m'thumba la malaya
ngakhale ndinali nditaisiya kunyumba.
Sindinaikweze.
Minibasi yake inali ndi getsi limodzi lokha kumbuyo,
linalo lophwanyika, lomata ndi pulasitiki,
ndipo ndinaliyang'ana mpaka linakhota.

Amayi ake anatsika chaka chatha, mwezi wa Juni,
pasiteshoni yopanda dzina,
popanda woimika mbendera.
Chiyambire pamenepo ndimawerenga mabogi usiku:
mmodzi ali kutsidya kwa nyanja zamchere,
wina ali kumanda a ku Sadzi,
ndipo sindidziwa bwinobwino
ngati ine ndine sitima yopereweredwa
kapena bogi ija ya mutchire.

Lero m'mamawa foni yalira kawiri.
Chithunzi: njanji zonyowa, waya mumlengalenga,
njinga zambirimbiri zatsamira mpanda,
ndipo patali, zikuchepa,
nyali ziwiri zofiira, zolingana ngati maso.
Pansi pake walemba,
"Zonse ziwiri zikuyaka, Ababa. Mwakhutira?"

Ndakuza chithunzicho ndi zala mpaka chasweka timabokosi.
Ndawerenga. Ndabwerezanso.
Ndamuyankha kuti eya, yadutsa yathunthu,
uzivala juzi.

Zinazo sindinamuuze.
Ndatuluka panja ndi kapu ya tiyi wopanda shuga.
Chifunga chatsika, chameza phiri lonse ndi miyala yake,
ndipo mnyamata wa kabaza
akutsetsereka kulowera ku Matawale,
mayi wa dengu la mapichesi ali pakaliyala,
alibe nyali kutsogolo, alibe kumbuyo.
Ndakweza dzanja, ndakuwa kuti pang'onopang'ono!
Iye wayesa ndikumupatsa moni,
waimba belu kawiri,
walowa mu utsi woyerawo.