Zimene Chipale Chinabisa

Lachiwiri denga linayamba kugwetsa misozi,
tho, tho, tho, m'ndowa yakale ya pakhonde.
Toivo, mwamuna wanga wouma pakamwa,
anangoti, "Chatha," n'kupitiriza kumwa khofi.
Miyezi isanu ya mdima kuno ku Võru
inathera m'liwu limodzi lomwelo.

Chipale chikamasungunuka chimaulula milandu.
Nayi golovesi ya Kaarel, yakumanzere,
imene ndinamukalipira nayo mu Disembala
mpaka mwana anagona osadya.
Nayu kiyi wa shedi, pambali pa chitsa,
titagula kale loko wina.
Nazi ntchito zonse za galu wathu,
zandandalika pabwalo, palibe yasowa.

Pazenera la kukhitchini
ndinafesa matimati m'timakapu ta yogati,
timbande makumi awiri ndi tiwiri,
tonse topendekera kugalasi ngati ana osuzumira ukwati.
M'mawa ndimatitembenuza,
madzulo tapendekeranso.
Mphaka naye anafuna dzuwa lomwelo.
Tatsala khumi ndi tinayi.
Ndinasesa dothi ndikutukwana chamumtima,
mwini mlandu ali phee, akunyambita phazi.

Madzi analowa m'chipinda chapansi,
olekeza m'akakolo.
Mbatatesi zamera nyanga zoyera,
botolo la jamu likuyandama
ngati lili pa ulendo wokaona abale.
Pampu yobwereka kwa a Endel
inatsokomola kawiri n'kufa.
Tinakapa ndi zidebe mpaka usiku,
ndipo pa chidebe cha makumi anayi
Toivo anaseka, kuyambira m'mapewa.
Ndinali nditaiwala kuti amayambira m'mapewa.

Dokowe anafika Lachisanu
pachisa chake pamwamba pa mzati wa magetsi.
Yekha.
Mayi Ilme anaima kumpanda ndi ndodo yawo,
akuti wamkazi amachedwa,
chaka chatha anachedwa sabata yathunthu.
Amuna awo tinawaika mu Januwale,
nthaka ili gwa, manda anachita kukumba ndi makina.
Ndinasowa choyankha.
Ndinawapatsa timbande tiwiri.

Loweruka ndinayanika nsalu zapabedi panja
koyamba chichokere Okutobala.
Zala zinachita dzanzi, mapegi n'kumandipulumuka,
koma fungo lakelo, mayo ine,
mphepo, kautsi ka nkhuni, nthaka yonyowa.
Galu anadutsa pansi pake ndi matope ake onse.
Ndichapanso.

Kaarel waboola mtengo wa makungwa oyera kuseri kwa shedi,
walowetsa kapaipi, wamangirira botolo.
Akuti ndilawe.
Ndi madzi chabe,
madzi amene anangopatsana moni ndi shuga.
Ndinamwa onse, iye akundiyang'ana pakhosi.
Manja a jekete yake afupika.
Wakula liti? Kaya munali mumdima muja.

Ndiye Lamlungu usiku wailesi inati chisanu chibwerera.
Tinatuluka ndi tochi, zovala zogonera ndi majombo,
kukafunditsa kamtengo ka apozi makatani akale.
Kutacha, bwalo lonse lili mbee,
ngati sabata yonseyi tinangolota.
Toivo anayang'ana matayala a m'chisanu
amene anachotsa kugalimoto dzana,
anakanda m'mutu, n'kulowa m'nyumba.

Pofika masana denga linayambiranso,
tho, tho.
Ndinavundukula makatani pang'onopang'ono:
mphukira zina zapsa, zada m'mphepete,
zina zili bwinobwino, zonata ku zala,
sizikudziwa n'komwe kuti tinazidera nkhawa.

Kumpanda Mayi Ilme akukodola,
ndodo ili m'mwamba, mpango wagwa.
Pamzati paja pali mitu iwiri,
milomo ikugogoda ngati akalipentala apeza ganyu.
Ndinati ndithamangire komweko,
koma jombo yakumanja inakanirira m'matope,
phazi linatuluka lokha.

Ndinaima pakati pa bwalo ndi mwendo umodzi,
sokosi ili m'malere,
gogoyo akugwira mpanda ndi chiseko,
nanenso osafuna kuponda msanga,
dokowe wachitatu.